Ulendo wokaona bandi ya amalume ikuimbanso ku Senga Bay

Lachitatu, kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima

Amalume anga anandiimbira foni kundiuza kuti iwo ndi anzawo amene ankaimba nawo mu bandi m'zaka za m'ma 1980 agwirizana zoimbanso limodzi Loweruka likudzali ku Senga Bay, ndipo anandituma kuti ndiwagulire mawaya a gitala ku Lilongwe chifukwa ku Salima sapezeka wamba. Bandi imeneyi inatha ine ndili mwana, ndipo sinasiye kaseti ngakhale imodzi, kotero kuti zonse zimene ndimadziwa za iyo ndinazimva kwa amayi anga, amene mpaka lero amaimba nyimbo zake akamachapa kapena kupeta ufa. Nditamva uthengawu ndinapempha tchuthi kuntchito tsiku lomwelo.

Ndinalawirira pa depoti, koma minibasi ya ku Salima sinyamuka isanadzaze, choncho dzuwa linakwera tidakali pomwepo. Kondakitala anayamba ndi K15,000 ponena kuti mafuta akuvuta, ndipo nditanenerera tinagwirizana K12,000. Pambali panga panakhala mayi wina wachikulire wa geni ya kaunjika, amene ataona kaphukusi ka mawaya m'manja mwanga anandifunsa ngati ndine woimba. Nditawafotokozera za ulendo wanga, anakhala chete pang'ono, kenaka anati dzina la bandiyo aiwala, koma akukumbukira nyimbo yake ina yodandaula za mwamuna amene anapita ku Joni n'kusiya kulemba makalata. Anayamba kuiimba chapansipansi, ndipo inali nyimbo yomwe ija ya amayi anga, mawu ake osasiyana ngakhale pamodzi.

Pa Chezi anyamata ndi amayi anazinga galimoto ndi malichero a tomato, anyezi ndi chimanga chootcha, ndipo mayi aja anagula chimanga n'kundibenthulira osandifunsa n'komwe. Tikudutsa pa Mvera ndinakumbukira kuti amalume anaphunzira kuimba m'kwaya ya tchalitchi cha m'dera limeneli, kumene amishoni a Dutch Reformed anakhazikitsa mishoni yawo yoyamba m'dziko muno mu 1889, ndipo iwo amati kagawidwe ka mawu kamene bandi yawo inkadziwika nako anakatenga m'kwayamo. Kuchoka pamenepo msewu umatsetsereka mokhotakhota. Mantha anandigwira ndithu, pakuti dalaivala ankazimitsa injini pamitsetse kuti apulumutse mafuta, ndipo mtima unakhala pansi titafika kuchigwa, mphepo yotentha ya kunyanja itayamba kulowa pamawindo.

Amalume ndinawapeza pa Kamuzu Road, pakhonde la sitolo pamene amakonzerapo mawailesi, maamplifaya a m'matchalitchi ndi zimkuzamawu za m'mizikiti. Anatsegula kaphukusi kaja, n'kuyeza mawaya ndi zala mmodzimmodzi, kenaka anati, "Mphwanga, awa ndi enieni. Ife tinayambira pa waya wa mabuleki a njinga."

Lachinayi, pa Kamuzu Road

Usiku sindinagone bwino chifukwa cha kutentha ndi udzudzu, koma lero ndakhala pabenchi la amalume tsiku lonse, iwo akuwotcherera tizipangizo ta wailesi uku akundifotokozera mbiri ya bandi, nthawi zina n'kudukiza kuti alandire kasitomala.

Anali anyamata asanu. Anayamba ndi mabanjo opanga okha a zigubu za mafuta, ng'oma ya chikopa cha mbuzi ndi bezi ya waya mmodzi, potsanzira Allan Namoko amene ankamumva pa wailesi. Zinthu zinasintha pamene bambo wina amene anapita ku migodi ya ku Joni pa TEBA, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi, anabwerera ndi gitala yamagetsi ndi amplifaya. Mwiniyo sankadziwa kuimba, koma anali ndi diso la malonda, ndipo anaona kuti mahotela ndi mabala a ku Senga Bay akufuna oimba kumapeto kwa sabata iliyonse. Anawatenga anyamatawo, n'kuwonjezera bezi ndi madiramu, ndipo kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimene ankagwira pa siteji, ngakhale timitengo toimbira madiramu, chinali chake. Iye ndiye ankapangana mtengo ndi eni malo, iye ndiye ankalandira ndalama, ndipo oimbawo ankapatsidwa zimene iye waona kuti ziwakwanira.

Usiku wawo unkagawika pawiri. Chakumadzulo ankaimbira alendo nyimbo za pop ndi rock za Chingelezi, zimene ankaziphunzira ndi khutu lokha pa MBC ndi pa wailesi ya ku Zambia, dziko limene m'zaka za m'ma 1970 magitala a rock anafika pachimake ndi magulu monga WITCH. Woimba wawo ankalemba mawu m'kope monga momwe wawamvera, ndipo amalume akuti alendo ena ankabwera kudzamuwongolera mwaulemu nyimbo ikatha. Alendo akapita kukagona, pankatsala ogwira ntchito m'mahotela, asodzi, aphunzitsi, anamwino ndi asilikali, ndipo apa ndi pamene bandi inkatulutsa nyimbo zakezake. Gitala inkalira mwa rock, koma pansi pake madiramu ankatsata kamvekedwe ka mganda kapena chimtali, moti munthu wobadwira kuno sankafunika kuuzidwa kavinidwe kake. Amalume anaika pansi chowotcherera, n'kundiombera kamvekedweko pa benchi ndi zikhatho, ndipo mnyamata wa kabaza amene ankadikira wailesi yake anayamba kugwedeza mapewa.

Inali nthawi yosamala pakamwa. Bungwe la Censorship Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968, linkayang'anira nyimbo ndi zisudzo, ndipo mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, choncho oimba rock a ku Salima ankakwera pa siteji atameta bwino ndi kuvala malaya ofanana. Nyimbo zawo zinkakamba za mabanja, za ku Joni ndi za mwera umene umameza asodzi. Wailesi m'dziko muno inali imodzi yokha, ndipo amene ankafuna kumveka dziko lonse, monga ankamvekera mabandi a Kalimba ndi Makasu, ankayenera kukajambula ku Blantyre. Anyamatawa anapempha mobwerezabwereza kuti apite, koma mwini zida ankakana, ati zida zake zingaonongeke panjira ndipo ndalama za sabata imeneyo zingamudutse. Ichi ndicho chimandipweteka kwambiri m'mbiri yonseyi. Alleluya Band ya ku Balaka, imene inayamba mu 1978, inali ndi mpingo wa Katolika kumbuyo kwake, ndipo nyimbo zake tili nazo mpaka lero. Luso la anyamata a ku Salima linali m'manja mwa munthu mmodzi amene ankawerengera za Loweruka lokha.

Kutha kwa bandi kunadza pamene aliyense ankayembekezera kuti zinthu zikoma. Riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha 1994 zinamasula pakamwa pa oimba, koma m'chaka chomwecho cha 1994 mphamvu ya kwacha inagwa ndipo mitengo ya zinthu inakwera. Eni mabala anaona kuti mnyamata mmodzi wa disiko ndi makaseti ake ndi wotchipa kusiyana ndi amuna asanu ofuna chakudya ndi malo ogona, ndipo oimba atsopano anayamba kujambula ndi kiyibodi imene imaimba yokha madiramu ndi bezi. Tsiku lina anyamata anapita kukayeserera monga mwa nthawi zonse, n'kupeza chipinda chili pululu, zida zitagulitsidwa ku mpingo wina. Malipiro a mwezi womaliza sanalandire, ndipo popeza amalume ndiwo ankatumidwa kukatenga ndalama kwa mwini zida, woimba wa bandi anawaganizira kuti adya okha. Chiyambire pamenepo awiriwa akhala akungopatsana moni wa pamaliro.

Wa bezi anamwalira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 atadwala nthawi yaitali, ndipo amalume sabisa kuti inali Edzi, imene inatenga oimba ambiri nthawi imeneyo. Wa gitala yachiwiri anapita ku Joni ndipo anamwalirira konko. Wa madiramu amalima mpunga ku Lifuwu. Ganizo lokumananso linachokera kwa mwana wa malemu wa bezi, amene amaimba bezi kutchalitchi. Pa mwambo wa chiliza cha bambo ake, amayi a m'mudzi anayambitsa nyimbo ya bandi ija, ndipo iye anazindikira kuti sanamvepo kaimbidwe ka bambo ake ngakhale kamodzi. Vuto lilipo ndi lakuti woimba uja, amene amakhala ku Nkhotakota, anavomera pa foni koma tsopano wasiya kuyankha. Amalume ati mawa tipite tikamuone.

Lachisanu, Nkhotakota

Tinakwera pa Kaphatenga, pamene msewu wa M5 umapatukira kumpoto. Kuchoka ku Salima kufika ku Nkhotakota ndi mtunda wopitirira makilomita 100, koma ulendo wake umatalika chifukwa m'malo ambiri phula linadyeka m'mbali ndipo pena galimoto zimapatukira m'njira za fumbi pamene akukonza msewu. Tinadutsa Khombedza ndi Thavite bwinobwino, koma titatsala pang'ono kufika pa Benga tayala linaphulika, ndipo lapadera linapezeka lopanda mpweya. Kondakitala anakwera njinga yamoto kupita nalo kokapopa, ife n'kutsala padzuwa. Bambo wina wa nyumba ya pafupi ndi msewu anatulutsa mphasa n'kutiitanira pansi pa mtengo wa mango, akazi ake anabweretsa madzi ndi chinangwa chophika, ndipo titafuna kulipira anakana, ati mlendo wa pamsewu sagulitsidwa madzi. Amalume sanalankhule zambiri. Anali atafumbata jumbo imene munali kope lakale, ndipo sanaiike pansi ngakhale pakudya.

Pa mlatho wa Chia anyamata ankatukula chambo ndi kampango m'mwamba kuti apaulendo aone. Amalume anagula chambo chachikulu, ati kwa munthu amene unasemphana naye supita chimanjamanja, ngakhale kuti amene tinkapita kukamuonayo amachita geni ya nsomba yomweyo.

Tinafika dzuwa litapendeka. Woimba uja tinawapeza atakhala pakhonde akusoka thumba la mpunga, bambo wamtali wa imvi, ndipo atationa anaimirira pang'onopang'ono. "Achimwene, mwayenda ulendo wonsewu chifukwa cha ine?" Amalume anayankha kuti, "Foni ikapanda kuyankhidwa, miyendo ilipo." Akazi awo anatilandira ndi chimwemwe, akuwatchula amalume kuti alamu, ndipo anatiphikira kondowole ndi chambo chija. Ine kondowole sindinazolowere, koma ndi njala ya tsiku lonse ndinadya mpaka kukhuta.

Titasamba m'manja amalume anatulutsa kope lija. Mapepala ake anafiira ndipo m'mphepete munadyeka ndi njenjete, koma zolemba zikuoneka: tsiku, malo amene anaimba, ndalama zimene mwini zida anapereka, ndi mzere wa munthu aliyense ndi siginecha yake. Tsamba lomaliza lili ndi masiku ndi malo okha, mbali ya ndalama ilibe kanthu. Bambo aja anayang'ana tsambalo nthawi yaitali, akulondola mizere ndi chala, kenaka analitseka. "Achimwene, izi ndinazidziwa kalekale, kungoti manyazi anandimanga. Chimene chandiletsa kuyankha foni ndi mawu angawa. Akalamba. Ndikuopa kukaima pamaso pa anthu amene amandikumbukira ndili mnyamata." Amalume anawauza kuti atsitsa nyimbo zonse kuti zigwirizane ndi mawu a lero, ndipo anatenga gitala yakale ya mdzukulu wa pakhomopo n'kuyamba kusaka pamene mawuwo akukhala bwino. Anayeserera mpaka usiku, ndipo ana a m'nyumba zoyandikana anadzaza pabwalo. Ine ndinagona pamphasa thupi lonse likuwawa ndi mabampu a msewu, iwo akadali pa nyimbo ya mwera.

Loweruka, Senga Bay

Tinanyamuka mbandakucha tonse atatu, ndipo tinafika ku Salima nthawi ya chakudya cha masana isanakwane. Kuchoka patauni kupita ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo tinakwera kagalimoto kakang'ono kamene kananyamula anthu opitirira muyeso, gitala ili pamiyendo pathu. Malo oimbira sanali hotela, pakuti mtengo wake sakanaukwanitsa. Anabwereka bwalo la kuseri kwa malo ena ogona alendo, lotchingidwa ndi mpanda wa udzu, chapafupi ndi pamene asodzi amayanika usipa pamathandala. Senga Bay yaona zikondwerero zikuluzikulu za nyimbo, monga Sand Music Festival imene malemu Lucius Banda anayambitsa mu 2010 ndipo yachitikirapo kuno kangapo, komanso Lake of Stars imene inachitikira kuno mu 2018. Mwana wa malemu wa bezi akuti ndi kumeneko kumene anaona koyamba mmene siteji yeniyeni imakonzedwera, ndipo lero ndiye anali kutsogolera zonse, kuyambira poika masipika mpaka pokhazika munthu wa pakhomo. Yolowera inali K3,000.

Zida zonse zinali zobwereka ngati kale. Madiramu anachokera kutchalitchi cha mnyamatayo, amplifaya inali ya kasitomala wa amalume amene anavomera kuti aitenge Lolemba, ndipo jenereta inali ya munthu wa chigayo. Poyeserera masana, chopondera cha ng'oma yaikulu chinaduka sipuling'i, ndipo wa madiramu, amene anafika pa njinga kuchokera ku Lifuwu, anangoseka n'kunena kuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Anadula mphira wa chubu cha njinga, n'kuukulunga kawiri pachitsulo, n'kuumanga mfundo, ndipo ataponda kangapo anati chili bwino kuposa mmene chinalili.

Pamene mdima unkagwa pabwalo panali anthu ochepa, ndipo ndinada nkhawa kwambiri poona nkhope ya woimba uja. Kenaka anayamba kufika m'magulu: amayi a zitenje zatsopano, abambo opuma pantchito m'mahotela, asodzi asanalowe m'madzi, ndi achinyamata amene anangobwera kudzaona agogo akugwira magitala. Nyimbo ziwiri zoyamba zinali za Chingelezi, ndipo kunena zoona sizinayende bwino. Zala za amalume zinkachedwa, woimba ankayang'ana pansi, ndipo anthu ankangoomba m'manja mwaulemu. Magetsi anazima pakati pa nyimbo yachitatu, ndipo panapita kanthawi jenereta isanalire.

Atayambanso, wa madiramu sanadikire kuuzidwa. Analowa ndi kamvekedwe ka mganda, mwana wa malemu anatsatira ndi bezi monga momwe amalume anamuphunzitsira pakamwa m'masabata apitawa, ndipo gitala italowa amayi a kutsogolo anaimirira onse nthawi imodzi ndi nthungululu. Inali nyimbo ya mwamuna wa ku Joni ija. Pa ndime yachiwiri woimba anaiwala mawu, ndipo ndinaona milomo yake ikuyenda popanda chotuluka, koma amayi aja anapitiriza okha, ndime yonse, mpaka iye anawapeza pa kolasi. Ndime ina imene anaimba amayiwo ngakhale amalume anali ataiiwala, ndipo ndinawaona akutembenukira kwa wa madiramu modabwa uku zala zikupitiriza ntchito. Kuyambira pamenepo mawu a bambo aja anamasuka. Ndi otsika ndiponso okhakhala kusiyana ndi mmene amayi anga amawafotokozera, koma nyimbo ya mwera inawayenera kwambiri mawu oterowo, ndipo asodzi amene anaima kumbuyo anavula zipewa pamene ankaiimba.

Ndinajambula zonse pa foni, nditaima pafupi ndi sipika, mpaka batire linatsala pang'ono kutha, ndipo mtsikana wina amene sindikumudziwa anandibwereka chotchajira chake choyenda nacho n'kuima pambali panga mpaka pomaliza. Anaimba mpaka mafuta a jenereta anatha, anthu akufunabe.

Lamulungu, Senga Bay ndi pobwerera

Ndinadzuka mochedwa, miyendo ili yolemera. Ndinawapeza onse anayi atakhala pamchenga pansi pa mtengo, ndalama za pakhomo atazithira pa chitenje pamaso pa aliyense. Amalume anabwera ndi kope latsopano. Anachotsa za mwini bwalo, za mafuta a jenereta ndi zothokozera kutchalitchi, kenaka zotsalazo anazigawa zigawo zisanu, ndipo gawo la malemu wa gitala yachiwiri anagwirizana kuti likaperekedwe kwa mlongo wake amene amakhala ku Chipoka. Aliyense anasaina. Zimene munthu mmodzi analandira n'zochepa, mwina zongokwanira thumba limodzi la chimanga, koma woimba uja anabweza theka la gawo lake, ati likhale chiyambi cha ndalama yogulira amplifaya yawoyawo, ndipo enawo anachita chimodzimodzi.

Kenaka tinamvetsera zimene ndinajambula. Bezi ikumveka mopitirira ndipo pena mawu akuphimbika ndi nthungululu, koma nyimbo zonse zilimo ndi ndime zake. Mwana wa malemu anapempha kuti ndimutumizire pa WhatsApp nthawi yomweyo, ndipo anati alemba mawu onse, kuphatikizapo ndime ija ya amayi, n'kukawafunsa eni ake ngati walemba bwino. Ine ndinawauza kuti akajambula mu situdiyo akalembetse nyimbozo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso limene lakhalapo kuyambira 1992, kuti zikamaulutsidwa pa wailesi azilandirapo kanthu. Apa panabuka mkangano wa amene anapeka nyimbo ya mwera, woimba akuti ndi yake chifukwa mawu anachokera kwa agogo ake a ku Nkhotakota, amalume akuti kayendedwe ka gitala ndi kawo, wa madiramu akuti popanda mganda wake sikanavinika. Sanamalize, koma agwirizana kuti adzakambirana akadzakumana pambuyo pokolola mpunga, ndipo ine andipatsa ntchito yofufuza mitengo ya masitudiyo a ku Lilongwe amene angalole madiramu enieni m'malo mwa a kiyibodi.

Amalume anandiperekeza mpaka pa Kamuzu Road, atanyamula amplifaya ya kasitomala paphewa kuti akaipukute isanatengedwe mawa. Minibasi ya ku Lilongwe ndaipeza ili ndi anthu ochepa, kondakitala akuti K14,000 chifukwa ndi Lamulungu, ndipo ndikulemba izi tidakadikira kuti idzaze.